Ziguduli Zonyowa

Dzuwa linali litaswa mtengo pamene Mayi Mazira anabwerako kumsika. Analowa m'khola mwawo n'kupeza muli ngati mumphika wovundikira, nkhuku zonse zili kukamwa yasa, mapiko tambalale. Pakhomo panali alamu awo, achimwene a amuna awo, atakhala pandowa monyadira.

"Alamu! Ndani wakhoma mapulasitikiwa m'mazenera?"

"Ndine. Zikomo ndalandira kale."

"Ine ndinati chiyani pochoka?"

"Munati ndipachike ziguduli m'mazenera, zikhale zonyowa. Tagwirani. Zachita kuti chipichipi."

"Nanga pulasitiki ndinamutchula?"

"Mphepo imaziumitsa. Ndikathira, zauma. Ndikathira, zauma. Ndiye ndaitsekera kunja, mbava imeneyo."

Mayi Mazira anagwira m'chiuno. Mumtima ankadziwa kuti za mphepozo sananene, koma kuvomera pamaso pa mlamu? Bola kumeza singano.

"Kuumako ndiye kofunika, bambo inu!"

"Ooo. Ndiye mukufuna zouma?"

"Zonyowa!"

"Ndi izotu."

"Zonyowa zimene zikuuma!"

Alamuwo anavula chipewa n'kukanda dazi. "Mlamu, m'bale wanga mumamulamula chonchi? N'chifukwa chake akuwonda."

Pangodya ya kholalo nkhuku imodzi inagwa cham'mbali, miyendo m'mwamba.

"Mayo, yoikira bwino ija! Bweretsani mkono kuno." Anaviika dzanja m'chomwera nkhuku, n'kupaka madziwo pamkono wa alamuwo, kenako anauzirapo. "Mukumva bwanji?"

"Manyazi."

"Pakhungupo!"

"Pakuzizira."

"Eyatu! Madzi akamauma amanyamula kutentha n'kupita nako. Popanda mphepo angokhala pompo, n'kufunda ngati msuzi."

"Ndamva tsopano." Alamuwo anagwada, ananyamula nkhuku yakugwa ija n'kuyamba kuiuzira kumaso. "Inu yambirani uko. Pofika madzulo tikhala titazimaliza zonse."

"Ambuye, ndigwireni dzanja!"

Mayi Mazira anakwera pandowa n'kuyamba kung'amba mapulasitiki ndi zikhadabo, zenera ndi zenera, akutukwana chamumtima. Mphepo inadutsa m'ziguduli zija n'kulowa yozizirira ngati ya m'mawa. Pang'onopang'ono nkhuku zinatseka milomo. Yakugwa ija inadzuka, inadzikung'untha, n'kujompha alamuwo pachala.

Mayiwo anatsika nkhope ili psuu, akupuma wefuwefu, kukamwa kuli pululu.

"Mwaona? Chamoyo chikatenthedwa, madzi kaye, kenako mphepo. Basi! N'zovuta zimenezo?"

"Chamoyo chilichonse?"

"Chilichonse!"

Alamuwo anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Anapita pamgolo, anatunga ndowa yodzaza, n'kuwakhuthulira yonse pamutu, khwaa!

Madzi anayenderera m'makutu mwa Mayi Mazira. Atatambasula dzanja kuti atenge nsalu yodzipukutira, alamuwo anaichotsa msanga.

"Ayi mlamu, musapukute. Imani apo pazenera. Mukauma mundiuze, ndithirenso."