Ndinabisa Mwana Wodwala Pansi pa Thandala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ndikufuna ndikuuzeni momwe umphawi ndi mantha zinatsalira pang'ono kundiphera mwana.

Ine kwathu ndi ku Mozambiki. Ndinawoloka pa Chiponde potsatira mwamuna wanga, msodzi wa kuno ku Malindi. Banja silinakhalitse, bamboyo anapita ku Joni ndipo mpaka lero ali zii. Anandisiya ndi mwana mmodzi, Felista, m'kanyumba kongopempha, ndilibe munda, ndilibe m'bale, ndilibenso chiphaso cha dziko lino. Tinkadalira ganyu woyanika usipa pa thandala la Abiti Mussa, mayi ogulitsa nsomba, a pakamwa polusa zedi. Mwera ukavuta panyanja, ife tinkagona ndi njala.

Amayi a padoko ankakonda kundinena kuti ndine wobwera. Ena ankati tsiku lina aboma adzandikweza galimoto n'kukanditula kumalire, mwana n'kutsala kuno poti bambo ake ndi Mmalawi. Mwina ankangocheza, koma ine ndinazimeza zonse. Ndikangoona munthu wa yunifolomu, ndinkalowa njira ina.

M'dzinja Felista anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Kuchipatala ndinaopa kuti akandifunsa kwathu, choncho ndinkangomumwetsa madzi a masamba a gwafa. Maso ake analowa m'kati, milomo inauma, kulira komwe kunamukanika. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwada n'kumufunsa Mulungu kuti mwanayu akafa ndikamuika kuti, poti manda a kwathu ali kutsidya la malire.

Kutacha kunamveka kuti a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kufunafuna odwala. Anzanga anathamangira kukawaitana, ine ndinabereka mwana n'kuthawira kudoko. Ndinamugoneka pansi pa thandala, ndinamufunditsa masaka a nsomba, kenako ndinayamba kutembenuza usipa ngati palibe kanthu.

Abiti Mussa anamva kubuula. Atavundukula masaka aja anandikalipira padoko ponse kumva, kuti ndine mayi wamtundu wanji wosunga mwana ngati nsomba. Ndinawagwira mwendo kuwapempha kuti asandiulule, koma anandikankha n'kupita liwiro. Ndinadziwa kuti zanga zada.

Anabwera ndi bambo wina wa zaumoyo, a Saidi, atavala yunifolomu yomwe ija ndinkaiopa. Ndinamukumbatira Felista mwamphamvu n'kunena kuti, "Bambo, musandilande mwana. Ndibwerera ndekha kwathu, koma mundilole ndipite naye."

A Saidi anagwada pamchenga, anamuyang'ana mwanayo m'maso, kenako anayang'ana ine. "Mayi, ine ndabwerera matenda, sindinabwerere chiphaso. Amayi anga anawoloka malire omwewo nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana. Nyamulani mwanayu msanga, nthawi yatithera."

Tinakwera njinga yawo yamoto, ine ndikupemphera njira yonse kuti Felista asatsirizike m'manja mwanga. Kuchipatala anamuika diripi, ndipo anamwino anati tikanachedwa pang'ono tikanalira maliro. Palibe anandithamangitsa. Abiti Mussa ankabwera ndi phala tsiku lililonse, akukalipabe, koma ankamumwetsa okha ndi supuni. Tsiku limene Felista anadzuka n'kunena kuti akufuna usipa wokazinga, mayi aja anatembenukira kukhoma kuti ndisaone misozi yawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa anthu amene ndinkawathawa. Umphawi sunathe, ganyu ndikugwirabe, koma m'mawa uliwonse ndimamusambitsa mwana wanga n'kumuperekeza kusukulu. Inu amene mukulera nokha ana pachilendo, limbikani m'pemphero ndipo musataye mtima. Mwana akadwala musamve zonena za anthu, thamangani naye kuchipatala ngakhale muli ndi mantha. Ine ndinatsala pang'ono kumutaya wanga ndili naye pamsana.