Mayi Barno Kadirova, Opalasa a Mpando wa Kumbuyo

Malemu Mayi Barno Kadirova anabadwa pa 9 Marichi 1967 konkuno ku Chirchiq, achinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Sanobar, mlamu wawo. Ndifulumira, chifukwa azibambo akudikira panja kuti anyamule maliro dzuwa lisanapendeke. Olira, gwirani mtima pang'ono. Muli mawu muno ofunika muwamve.

Sukulu anayamba mu 1974. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, pa nyengo imene ana asukulu ankatengedwa kukathyola thonje, mphunzitsi wina wa masewera anawaona atasenza matumba awiri pamene anzawo ankalephera limodzi. Anawatengera kungalande, n'kuwakweza m'bwato n'kuwapatsa nkhafi. Tsiku loyambalo anagubuduzikira kanayi m'madzi ozizira ochokera kumapiri, koma mawa lake anabweranso. Atamaliza sukulu mu 1984, anakachita maphunziro a zamasewera ku Tashkent.

Mu 1988 anakwatiwa ndi mlongo wanga Ravshan, woyendetsa basi. Mwana woyamba atabadwa, tonse tinati basi, nkhafi aipachike. Sanatimvere. Khanda ankalisiya m'manja mwanga, iwo ulendo kumadzi.

Mu 1991 anawaphatikiza pa bwato la anthu awiri ndi Feruza Nazarova, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Feruza ankakhala kutsogolo, kupereka liwiro la nkhafi ndi kuwongolera bwato ndi mapazi. Malemu ankakhala kumbuyo, kumene kumafuna mphamvu ndi kumvera. Ankakonda kunena kuti, "Nkhope ya Feruza ndimaiiwala, koma msana wake ndingauzindikire pakati pa msika."

Mu Seputembala 1995 awiriwa anatumidwa kunja, ku mpikisano waukulu wa mayiko. Pa mtunda wa mamita 500 anafika achiwiri, bwato loyamba litawaposa ndi kansonga chabe. Ife tinamvera pa wailesi, ndipo amayi anga anali atayamba kale kutsuka mpunga wa phwando. Koma lamulo ambiri mukulidziwa. Bwato likatuluka m'madzi amalipukuta n'kuliika pa sikelo, ndipo lisachepere makilogalamu 18. Lawo linaperewera magalamu zana limodzi. Mendulo inapita kwa ena.

Akuluakulu a timu atafunsa, malemu anati, "Ndine. Wamkulu m'bwatomu ndine, ndipo sindinaliyeze m'mawa." Nkhani inathera pomwepo. Anawachotsa m'timu. Katatu konse anapempha ntchito yophunzitsa atsikana kupalasa, katatu konse anakanidwa. Feruza anapitiriza ndi mnzake wina, ndipo lero ndi mphunzitsi wodziwika.

Kuyambira 1996 malemu ankagwira ntchito m'shedi yokonzera mabwato, kumata osweka ndi guluu wonunkha uja, kupala, ndi kupuma fumbi lake. Dzina limene tinawapatsa mukulikumbuka: Amagalamu. Pamsika wogulitsa anyezi ankakuwa kuti, "Achemwali, ndakuwonjezeraniponso zana, mungakaperewerenso kunyumba!" Msika wonse phwa kuseka. Iwo ankangotola chikwama chawo n'kumapita. Nanenso ndinasekapo. Ndinalitchula dzinalo pa ukwati wa mwana wawo, pamaso pa alendo, ndipo iwo anangondiwonjezera nyama m'mbale. Amuna awo anatisiya mu 2011 akukhulupirirabe kuti akazi awo ndiwo anatayitsa dziko mendulo.

Anayamba kutsokomola m'nyengo yozizira ya 2022. Madokotala anati mapapo awonongeka. Anagonekedwa m'chipatala maulendo atatu, ulendo womaliza milungu isanu, kenako anapempha kuti akafere kwawo. Dzulo, pa 14 Januwale 2024, cha m'ma 3 koloko masana, anatsikira kuli chete ali ndi zaka 56.

Tsopano mverani. Lero m'mawa, azimayi atamaliza kusambitsa thupi, Feruza anandikokera pambali. Wandipempha kuti ndinene izi pamaso panu, ndipo ndikunena monga wandiuzira.

M'mawa wa mpikisano uja, mpando wa Feruza unali utamutupitsa matuza. Anaumasula n'kumangapo wina umene anabwereka kwa mtsikana wa dziko lina, osauza munthu. Mpando wobwerekawo unali wopepuka. Malemu anauona ali kale pa mzere woyambira, poti wa kumbuyo ndiye amaona zonse, koma nthawi yobwerera inalibe. Pa sikelo paja, Feruza akuti atsegule pakamwa, malemu anamutsina pamkono nati, "Tseka pakamwapo, mwana iwe. Ine zanga ndapalasa, ndili ndi banja. Iwe akakuchotsa upita kuti, kuthonje?" Anamulumbiritsa kuti asadzaulule iwo ali moyo.

Feruza wasunga lumbirolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Kaya kunali kumvera kaya mantha, mwini wake akuti sakudziwa. Pakhomo pano anasiya kupondapo chifukwa ankalephera kuwayang'ana m'maso. Choncho malemu anataya mendulo, anataya ntchito, anatayanso mnzawoyo. Sanauze amuna awo, sanauze ana awo, ndipo ine amene ndinkawatembenuza pabedi miyezi yomalizayi sanandiuzenso.

Malemu asiya ana awiri, Sardor ndi Kamola, zidzukulu zisanu, achimwene awo a Bahodir ndi ang'ono awo a Nigora. Abanja akuthokoza anansi amene abwera ndi buledi ndi msuzi poti mwa mwambo wathu wa maliro m'nyumba muno simukolezedwa moto masiku atatu ano, azimayi amene asambitsa thupi, anamwino amene ankabwera kudzabaya jakisoni, ndi atsikana opalasa amene akokolola chipale chofewa kuyambira pachipata mpaka kumsewu. Mulungu awakhululukire malemu zolakwa zawo, awafewetsere dothi, ndipo agone mu mtendere umene ife tinawamana.

Ndatsala ndi pempho limodzi. Ndikuona makosi ayamba kale kutembenukira kukhomo kumene wakhala Feruza. Lekani zimenezo. Munthu mmodzi tinamudya ndi pakamwa kwa zaka zonsezi tisakudziwa kanthu, ndipo kupepesa kwathu lero sakukumva. Musanyamule chipongwe chija kukachipachika pa wina. Malemu anapereka dzina lawo kuti mtsikana uyu asanyozedwe. Mukamunyoza lero, ndiye kuti anavutika pachabe.

Feruza mwana wanga, dzuka pamphepopo, udzakhale apa pakati pa Sardor ndi Kamola. Inu muli pambalipo, sendezani miyendo adutse. Ndipo wina amuthirire tiyi.