Mayi amene anabwera kudzandikana

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo ndi achinyamata anzanga, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Monire mose. Ndikufuna kuchitira umboni. Chichewa changa ndi cha kusukulu, ndiye chikaterereka mundikhululukire, koma ndikufuna alendo athu a kumwera ndi pakati amve nawo.

Ine ndine Tawonga, kwathu ndi ku Mwazisi. Amama ndi awo akhala kumbuyoko, amaphunzitsa kupulayimale. Kuyunivesite ndimaphunzira zinthu ziwiri pamodzi, malamulo ndi utolankhani. Anthu amandifunsa kuti, kodi iwe udzakhala loya kapena wa pawayilesi? Ndinkayankha monyada kuti zonse. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ziwirizi zidzandipana pakati ngati chala pachitseko.

Chaka chatha anatituma kukaphunzira ntchito, ine ndinapeza malo pa wayilesi ina ya m'dera. Loweruka lina ndili kunyumba kunabwera mayi wina wamasiye, a Nyagondwe. Anabwera kwa amama, koma atamva zomwe ndimaphunzira anatembenukira kwa ine. Anati amuna awo atamwalira, alamu awo analanda munda wonse nabzalamo fodya, iwo ndi ana anatsala ndi kadimba kokha. Anali atayenda mwa achibale mpaka kutopa. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, lamulo limati chiyani pa munthu ngati ine?"

Ndinawafotokozera zomwe ndinkadziwa, kuti lamulo silola kuti mayi wamasiye ndi ana alandidwe chuma. Kenaka iwo eni anati akufuna alankhule pawayilesi. Ndinawafunsa kawiri ngati atsimikiza. Anati atsimikiza. Ndinajambula mawu awo.

Kusukulu amatiphunzitsa kuti nkhani ili ndi mbali ziwiri, ndiye ndinapitanso kwa alamu awo aja. Dzina sinditchula, abale, ndinaphunzira. Ndinawapeza pachigafa akusoka fodya. Sanandipatse ngakhale mpando. Anangoti, "Iwe mwana wa dzulodzuloli, nkhani za banja lathu zikukukhudza pati?" Ndinabwerera. Nkhani inaulutsidwa, dzina lawo sitinalitchule, koma inu mukudziwa kuti kwathu kuno munthu amadziwika ndi chifuwa chokha.

Ndinabwerera kusukulu ndili wokondwa. Sipanapite nthawi, mkulu wa wayilesi anandiimbira foni ndili pamzere wa chakudya. Anati, "Tawonga, zavuta. Bambo aja apeza loya. Akuti iwe unawaphunzitsa mayi aja zonena, unawaika mawu m'kamwa. Ndipo akuti mayi aja avomera kuti n'zoona, unawanyengerera."

Abale, mbale ndinaisiya pomwepo.

Dandaulo linafikanso kuyunivesite. Mkulu wa maphunziro athu anandiitana muofesi. Ndi bambo wofatsa, sanandikalipire, koma anandiuza mosabisa. Anati, "Zikapezeka kuti nkhaniyi unapeka, sukulu yako yathera pomwepa. Ndipo usaganize kuti udzathawira kumalamulo. Munthu wopeka umboni salandiridwa kukhala loya." Ndinati mawu ndinajambula, alipo. Iwo anati, "Mawu alipo, inde. Koma mwini mawu akuti unamuphunzitsa. Amene angakupulumutse ndi yekhayo." Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kuwaimbira kapena kuwatumira munthu, chifukwa zidzaoneka ngati ndikuopseza mboni.

Mwamva, abale? Munthu mmodzi yekha ndiye akanandipulumutsa, ndipo munthuyo sindinkaloledwa kulankhula naye.

Ndiye taonani mmene zinthu zimakumanirana. Teremu yomweyo m'kalasi ya malamulo tinayamba mutu wa milandu yoipitsa mbiri ya munthu. Mphunzitsi akapereka chitsanzo cha mtolankhani amene anagonja kukhoti, ine ndinkaona nkhope yanga. Anzanga akulemba notsi, ine ndikuwerenga chilango changa. Mukakhala kuti simudziwa malamulo mumaopa pang'ono. Ine ndinkadziwa khomo lililonse limene tsoka likanalowera. Ndikatuluka m'menemo ndikulowa m'kalasi ya utolankhani, kumeneko akuphunzitsa za atolankhani opeka nkhani. Ndinkaona ngati aliyense akundiyang'ana m'khosi.

Chakudya chinkakana. Ndikatsegula buku, zilembo zinkangoyandama. Foni ikalira, ndinkaopa kuyankha. Siketi zinayamba kugwa m'chiuno. Mnzanga wogona naye chipinda ananditengera kuchipatala, ananditenga magazi, sanapeze malungo, sanapeze chilichonse. Namwino anangondifunsa kuti, "Mtsikana iwe, ukuganiza chiyani?"

Kupemphera ndinkafuna, koma mawu sankabwera. Ndinkagwada n'kungoti, "Ambuye, Ambuye," basi. Ena mwa inu mukuidziwa nthawi imeneyo. Mayi mukugwedeza mutu apo, mukuidziwa.

Kumudzi nakonso sikunali bwino. Amama anthu ena anasiya kuwapatsa moni. Ankati mwana wawo wapita kukaphunzira kugawanitsa mabanja. A Nyagondwe akawaona amama pamjigo ankatembenuka, ndowa ili yopanda madzi. Tsiku lina ndinawaimbira amama ndikulira, ndinati mwina ndingosiya ndekha sukulu asanandichotse, manyazi achepe. Amama anati, "Tawonga, unanama?" Ndinati ayi. Anati, "Unawaphunzitsa zonena?" Ndinati ayi, amama. Anati, "Ndiye pita ukadye. Kusala kudya ndisala ndine." Ndipo anasaladi, pamodzi ndi amayi ena a mumpingo uno. Mukudzidziwa nokha. Yewo chomene.

Mayeso ndinalemba ndili choncho, osadziwa ngati mapepala anga adzachongedwa n'komwe.

Kenaka anaitanitsa mkumano kuofesi ya wayilesi ku boma, kuti nkhani ikambidwe isanapite kukhoti. Kunali mkulu wa wayilesi, mphunzitsi wanga mmodzi amene sukulu inatuma, ndi ine. Tikudikira, panja panaima galimoto. Anatsika bambo aja, anatsika loya wawo. Kumbuyo kwa galimoto kunatsika a Nyagondwe. Alamu awowo ndiwo anawabweretsa, kuti adzandikane pamaso pa anthu.

Abale, nditawaona ndinadziuza kuti basi, zanga zatha. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikalongedzere katundu wanga kusukulu, ndi mmene amama adzayendere pamsewu wa ku Mwazisi.

A Nyagondwe anakhala m'mphepete mwa mpando, nkhope pansi, manja atawabisa m'chitenje. Sanandiyang'ane. Loya uja analankhula nthawi yaitali, za ulemu wa bambo aja, za mbiri yawo imene yaipitsidwa. Atamaliza anatembenuka nati, "Mayi, auzeni anthuwa zomwe munatiuza. Mtsikanayu anakuphunzitsani zonena, si choncho?"

Ndinkamva wayilesi ikuimba chapansipansi m'chipinda china. Alamu awo anati, "Yankhani, mlamu."

Pamenepo a Nyagondwe anadzutsa mutu, anandiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka m'manja. Kenaka analankhula m'Chitumbuka. Anati, "Mwana uyu wandanisambizge kanthu." Kwa inu osamva, anati mwana uyu sanandiphunzitse kanthu. Anapitiriza kuti, "Ndinapita ndekha kwa amayi ake. Ndinapempha ndekha kulankhula. Ndinakana mawu anga chifukwa alamu angawa anandiuza kuti ndikapanda kukana anditengera ana, ine ndibwerere kwathu ndekha. Ndabwera kuno kuti ndidzaname, ndisakubisireni. Koma mwanayu tsiku lija ndinamupeza ali ndi masaya. Taonani mmene watheramu. Ndikanama lero, ndikagona bwanji?"

Bambo aja anaimirira, loya wawo anawagwira mkono, anapempha kuti atuluke kaye. Anakhalitsa panja. Pobwera, loya yekha ndiye analowa. Anati dandaulo alichotsa, kuwayilesi ndi kusukulu komwe. Tinangomva galimoto ikulira, ikupita.

Ine sindinathe ngakhale kuthokoza. Titatuluka ndinawapeza a Nyagondwe ataima pakhonde, akuyang'ana kumsewu. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, nanga ndibwerera bwanji? Ndinabwera pa galimoto yawo." Apo m'pamene misozi yanga inatuluka. Ine ndinkaopa kutaya sukulu. Iwo anaika ana awo pachiswe chifukwa cha ine, osadziwa n'komwe kuti akwera chiyani pobwerera.

Tinakwera matola limodzi, titagwirana manja njira yonse. Tinadzera kukatenga ana, ndipo anakhala kwa amama mpaka zinthu zitazizira.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Nkhani ya munda ili kukhoti tsopano, mphunzitsi wanga uja anawalumikiza ndi maloya othandiza anthu osauka. Ana ali ndi mayi awo, palibe amene wawakhudza, koma chigamulo sichinatuluke, ndipo mvula yayandikira. Muwakumbukire m'mapemphero. Inenso mantha sanandichoke onse. Nambala yachilendo ikaimba ndimayamba ndapuma kaye ndisanayankhe.

Koma zotsatira za mayeso zinatuluka sabata yatha. Ndakhoza, malamulo ndi utolankhani womwe. Ndikupita m'chaka chomaliza.

Ine ndinkapempha Mulungu kuti atseke pakamwa pa ondinenera zoipa. Iye anatsegula pakamwa pa mayi wamantha amene anabwera kudzandikana. Zimenezo sindinaphunzire m'kalasi iliyonse.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza inu abusa, ndi amayi nonse amene munagona ndi njala chifukwa cha mwana wa mnzanu. Amama, imirirani anthu akuoneni. Ndipo mayi amene akhala pafupi nawowo, ovala duku loyera, ndi a Nyagondwe. Anandiuza kuti ndisawaloze pagulu, koma lero andikhululukira. Abale, ine mawu andithera. Imirirani nonse, a kwaya tiyambitsireni nyimbo, mukondwere nane. Amen.