Mazira Oyandama

Pa siteji ya Karonga Boma, mayi wina wonyamula fulasiki ya phala ankadikira kabaza wopita naye ku chipatala. Bambo amene anaima pambali pake, matileyi a mazira opanda kanthu ali m'khwapa, anayamba kudandaula.

"Boma ili ndi lankhanza, mama! A zaumoyo abwera ndi ndowa ya madzi. Dzira likamira, ndi lako. Likayandama, m'dzenje. Matileyi onsewa apita!"

"Ndiye kuti anali ovunda?"

"Kuvunda kwake kuti? Ndi kutentha kwa kuno, dzira lililonse limakhutchumuka. Komanso ine sindigulitsa aawisi. Oyandamawo ndimaswera mu chipsi mayai, chipsi cha mazira chija, anyezi wambiri, tsabola pamwamba. Moto umapha zonse."

"Moto umapha zonse?"

"Nadi! Anadandaulapo ndani? Ana asukulu amachita kunyambita zala."

"Chiwaya chanu chili pati, bambo?"

"Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango. Mukangofunsa Golden, aliyense akulozerani."

"Pamene pali ambulera yofiira paja?"

"Eya! Kani ndinu kasitomala?"

"Kasitomala ndi mwana wanga Bessie. Anadya pamenepo pochokera ku sukulu. Pano ali pa diripi, maso alowa m'kati, ngakhale madzi sakukhazikika m'mimba."

"Aaa, mama, mwina ndi malungo..."

"Malungo a anyezi wambiri? Nkhanza za boma ndaziona inenso: lakwirira mazira n'kusiya inu mukuyenda. Nyamulani matileyi anuwo, tiyeni ku wodi. Mukamuuze nokha kuti moto umapha zonse."