Mtima wa pa Phiri la a Merv

Moto wolusa wa chaka chatha unameta mpala phiri la a Merv Tuckwell, ndiye analemba ntchito Lachlan kuti abzalepo zitsamba za titiri. Mnyamatayo anandandalika mbande zake mwakabisira ngati chithunzi cha mtima, moyang'anana ndi zenera la Narelle, mwana wa a Merv, kuti maluwa oyera akadzachita mbuu adzamufunsire ukwati. M'mawa wina anapeza a Merv akuzula.

"Bambo! Mukutani?"

"Ndikuzula. Sukuona?"

"Titiri safuna kugwedezedwa mizu! Afa!"

"Ndikuzula ndi dothi lake. Gwira fosholo."

Lachlan anaima patsogolo pa mbande, manja tambalale. "Sizisuntha izi. Ndi njira yatsopano yoletsa nthaka kukokoloka."

"Ooo. Nanga mng'alu uwu pakatipa?"

"Ndi... ndi podutsa mawalabi, tinyama tonga kangaru tija."

"Anakuuza okha kuti amadutsa apa?"

"Bambo, pali chinsinsi. Chidzaoneka maluwa akamasula. Sindiulula, olo mundichotse ntchito!"

A Merv anakanda chibwano. "Chikuoneka kale. Pobzala unaima pati?"

"Pamwamba pa phiri."

"Nyumba ili kuti?"

"Kumunsi."

"Eya. Tatsika ukaone."

Lachlan anathamangira kumpanda wa nkhosa n'kutembenuka. Anangoti kukamwa yasa.

"Ukuona chiyani?" anafuula a Merv.

"Mtima," anatero ndi kamawu kakang'ono.

"Mtima wozondoka? Ine ndikuona matako. Abusa anabwera Lamlungu, anaonanso matako. Wapositi amachita kuimitsa galimoto n'kujambula."

"Mayo ine! Nanga Narelle... waona?"

"M'mawa uliwonse, akumwa tiyi."

Mnyamatayo anakhala pansi, chipewa kumaso. "Basi, zanga zada. Zulani zonse. Ndikwera basi ya ku Dubbo, simudzandionanso."

"Basi ya ku Dubbo imadutsa Lachinayi. Lero n'Lolemba."

"Ndiyenda wapansi!"

"N'kutali. Komanso zozula zonsezo ayi. Ine anandituma kutembenuza."

Chipewa chinatsika pang'ono. "Anakutumani ndani?"

"Narelle."

"Anati chiyani? Bambo, chonde, anati chiyani?"

"Anati, 'Adadi, kodi msana uli bwanji lero?' Ndinati uli bwinoko."

"Pambuyo pakepo!"

A Merv anam'ponyera fosholo. "Akuti yankho analikonza kalekale, koma iye sangayankhe matako. Tiye, kumba, mkamwini. Maluwa ali pafupi."