Nkhope Yanga Ili m'Paketi ya Ndudu

Pasiteji ya sitima zam'misewu ku Richmond, mu 1910, bambo wina ankang'amba paketi ya ndudu uku akutsokomola, mkulu wina akumuyang'ana.

"Chifuwa chonsechi, achimwene, mukusutiranji?"

"Ndikudzifunafuna ndekha, bambo. Akampani ya fodya anandijambula, amvekere osewera mpira wa besibo tonse tikhala pa timakhadi tam'mapaketimu. Ine wosasuta ine! Miyezi isanu ndikugula, ndikusuta, nkhope yanga osaipeza. Pano ndikangothamanga pang'ono, befu. Timu yandichotsa dzulo."

"Dzina ndani?"

"Orval Pruitt."

Mkuluyo anavula nsapato n'kusololamo kakhadi konyowa.

"Si inu awa? Ndimatsekera chibowo. Ndinu wachitatu, awiri oyambawo anaperepeseka."

"Ndibwezereni momwemo, bambo. Kumeneko bola ndili pantchito."