Mvula Yofunda ya a Mitambo

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1954, mvula ikuimba padenga. Mayi athu ankati mwanayu sanalire msanga, anayamba wamvetsera kaye. Abusa, akuluakulu, abale ndi anansi, amene agona apawa anali mwana wachisamba m'banja la ana anayi. Ine wowerenga mbiriyi ndine mzime, mwini wa malole aja mumawaona akudutsa mumsewu waukulu. Ndayenda, anthuni. Ndagona m'maiko amene dzuwa limakana kulowa, ndadya ndi anthu a zilankhulo zosamveka mutu. Koma munthu wa maloto ngati achimwene angawa sindinamupeze.

Anayamba sukulu m'chaka cha 1961. Aphunzitsi ankadandaula kuti mutu ulipo, koma maso amakhalira pazenera kuwerenga mitambo. Apo ndi pamene panachokera dzina loti a Mitambo, lomwe lawaperekeza mpaka lero. Bambo athu atamwalira mu 1970, malemu anasiya sekondale nakakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, kuphunzira kukonza maambulera ndi zikwama, kuti ife ang'ono awo tiphunzire. Ine sukuluyo ndinaithawa, n'kuyamba kutola mabotolo, ndipo onani pamene ndafika. Iwo sanandikalipire. Anangoti mtambo uliwonse uli ndi mphepo yake.

M'dzinja la 1978, pakhondepo panafika mtsikana wogwira ntchito kochapira zovala za odwala, atanyamula ambulera yakuda yothyoka waya mmodzi. Inali ntchito yoti munthu n'kudikira ataima. Koma achimwene ankangoti, "Mubwere mawa, waya wake ndi wosowa." Mawa linabereka mawa linzake. Tsiku lina mvula inawatsekereza onse awiri pakhondepo, mtsikanayo anatambasula dzanja kunja nati mvula amaikonda, kungoti imazizira, ndipo manja ake atopa nawo madzi ozizira. Malemu anayankha kuti, "Mukandilola, ndidzakugwetserani mvula yofunda m'nyumba." Mtsikanayo anaseka nati, "Munthu wolephera ambulera ndiye mungathe mvula?" Ndiwo alamu anga akhala apowo. Anamanga ukwati mu Juni 1980, ndipo ambulera ija sinabwezedwe.

Nthawi imeneyo ine ndinali pa sitima za pamadzi. Padoko lina lakutali ndinapeza akugumula hotela yakalekale, ndipo pazigumukirapo ndinaona mutu wa shawa wamkuwa, waukulu ngati chiwongolero cha lole, wa timabowo tosawerengeka. Ndinauberekera kumsana kudutsa malire a maiko angapo. Paukwatipo ena anapereka mbale, ena mabulangete. Ine ndinapereka mtambo.

Nyumba yawo yoyamba inali chipinda chimodzi, mpope uli panja, wa mabanja onse a pabwalopo. Mutu wa shawa uja anaupachika pamsomali pafupi ndi zenera. Dzuwa likamatuluka linkapyola m'timabowo, n'kumwaza timadontho ta kuwala pakhoma ndi pabedi. Malemu ankawadzutsa alamu kuti aone, amvekere, "Yayamba kudontha, yangotsala kunyowetsa."

Mu 1987 anasamukira m'nyumba yosanja, m'chipinda chapamwamba penipeni. Kumeneko kunali bafa, ndipo achimwene anamanga mutu uja tsiku lomwe anafika, katundu asanamasule. Koma madzi ankafika pamwambapo atatopa ngati nkhalamba yokwera masitepe. Ankangolendewera pa timabowo tapakati, dontho, kupuma, dontho. Alamu ankasamba ndi beseni, mkuwa ukuwayang'ana pamutu. Apo malemu anaphunzira kuti shawa siibala madzi, imangogawa amene yapatsidwa.

Mu 1996 anapeza nyumba yapansi yokhala ndi giza yotenthetsera madzi. Tinati basi, lonjezo lakwana. Ine ndinabweretsa mpope wonyezimira wosakaniza madzi otentha ndi ozizira, womwe ngakhale mahotela a kuno anali asanauone. Koma m'nyumbamo madzi ozizira ankachokera mwachindunji ku paipi yaikulu ya mumsewu, ali ndi ukali wawo wonse, pamene otentha ankatsika mwaulesi kuchokera ku kathanki ka m'denga. Akakumana mumpopemo, ozizira ankawakankha anzawo kuwabwezera kumene achokera. Mvula inagwadi tsiku limenelo, yambiri, koma mfuu ya alamu inamveka mpaka kwa aneba. Ukatseka ozizira, kunkatsala timadontho towotcha ngati phula. Malemu anapukusa mutu nati madzi osiyana mphamvu sakwatirana.

Zonsezi ankaziona mwana wawo wamkazi wachiwiri, amene ankakula akumva mapaipi akung'ung'udza m'khoma. Mu 2003 iye anakaphunzira za mipope, ndipo lero ndi pulambala wodziwika. Ngakhale kumagalaja anga onse amagwira ndi iyeyo, ndipo mukundidziwa, sindilemba munthu chifukwa cha chibale.

Mu 2009 malemu anayamba kumanga nyumba tilimo ino. Anthu amayamba ndi chipinda chogona. Iwo anayamba ndi bafa, denga lake lalitali, zenera loyang'ana kotulukira dzuwa. Nyamakazi inali itawapinda alamu zala, choncho anachotsa maganizo pa mipope yopotokola, naika yongokankha ndi chikhatho. Kukhitchini mwana wawo anasankha mipope yakukamwa kwakukulu, yolola madzi ofatsa, ndipo mpaka lero sinavutepo. Padenga anaika sola yotenthetsa madzi. Chinatsala ndi chimodzi: thanki inali pansanja yaifupi, mutu wake ukungopitirira pang'ono mutu wa shawa. Madzi opanda pogwera alibe mphamvu, ndiye mkuwa uja unkangotulutsa mawawa.

Ndinawauza kuti ndiitanitsa pampu yamagetsi kuchokera kunja, ya mtundu womwe ndinauona ukukweza madzi pa nyumba zopyola mitambo. Anakana. Anati mvula siilira ngati njinga yamoto. Ankafuna nsanja yaitali, madzi azitsika okha mwakachetechete. Ndinati ndimange ine, anakananso, ati lonjezo silibwerekedwa. Koma nsanjayo inkangodikira: uyu amalize kaye sukulu, denga la mlongo wathu likonzedwe kaye. Madzulo aliwonse ankakhala pakhomo n'kumayang'ana m'mwamba, pamalo opanda kanthu pamene thankiyo inkayenera kukhala, ngati akuiona kale.

Mu Novembala 2023 malemu anayamba kudandaula m'chifuwa. Anachitidwa opaleshoni mu Febuluwale chaka chino, ndipo mwezi wotsatira madokotala anatiuza kuti tiwatengere kunyumba akapume pakati pa abale. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mwana wawo uja anabwera ndi kamutu ka shawa kakang'ono, kopangidwira madzi ofooka, koti kakanathira bwino madzi ofunda tsiku lomwelo. Alamu anati kameneka n'kokwana, zaka zonsezi sanakwatiwe ndi mkuwa. Achimwene anakatembenuza m'manja, anakayamikira, n'kukabweza. Anati, "Mwanawe, amayi akowa ndinawalonjeza mvula." Kenaka anandiyang'ana ine nati, "Iwe wamalole, nthawi yandithera. Ndibwereke manja."

Anthuni, simunaone ntchito! Ndinaimitsa malole awiri pamsewu, ndinatseka galaja, owotcherera zitsulo anga onse ndinawakhuthulira pabwalo pano. Koma wolamula anali mwana wa malemu. Thanki ikwere pamwamba kuposa mtengo uwo. Madzi otentha ndi ozizira achokere m'thanki imodzimodziyo kuti afike ndi mphamvu zofanana. Mapaipi akhale otakata, okhota pang'ono. Mosungira madzi otentha mukule, poti mutu waukulu umamwa msanga. Malemu tinawasunthira bedi pazenera. Ankaona nsanja ikukula ngati mbewu, iwo akuchepa. M'mawa uliwonse tinkayamba tasuzumira m'chipindamo tisanagwire chitsulo, mitima ili m'mwamba.

Loweruka pa 13 Epulo, dzuwa litatenthetsa sola tsiku lonse, mwana uja anati zatheka. Alamu anakana kulowa okha. Tinawakumbutsa kuti bala la opaleshoni la amuna awo siliyenera kunyowa. Apo achimwene anamwetulira, natuma mdzukulu kuti akatsegule bokosi la pansi pa bedi. Munali ambulera yakuda ija, waya wake atakonzedwa bwinobwino. Alamu anafunsa kuti inakonzedwa liti. Achimwene anati, "Tsiku lomwe munaibweretsa."

Tinawanyamula pampando, tinawakhazika pakati pa bafa, ambulera ili m'manja. Alamu analowa ndi diresi lawo lomwelo, natseka chitseko. Ife tinaima m'kanjira, osapuma. Poyamba kunali zii. Kenaka tinamva wa-a-a, mvula yeniyeni, yodzaza, yosathamanga, ikugunda pansalu ya ambulera monga inkagundira pakhonde la sitolo lija. Nthunzi inayamba kutuluka pansi pa chitseko n'kutizinga m'miyendo. Ndipo mkatimo anthu awiri okalamba ankaseka ngati ana othawa kusukulu. Ndasamba m'mahotela amene madzi ake amanunkhira maluwa, koma phokoso lokoma chotero sindinalimvepo. Alamu anatuluka madzi ali chuchuchu, akutambasula zala zomwe zinali zitaiwala kutambasuka. Anangoti, "Ndi yofunda."

Malemu anatisiya mwakachetechete Lachiwiri pa 16 Epulo 2024, ali ndi zaka 70, nkhope itayang'ana pazenera. Asiya mkazi wawo, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, alongo awiri ndi ine mng'ono wawo.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, mpingo umene sunatope kutiyendera, anyamata anga owotcherera amene anaiwala njala, ndi aneba amene munapirira kulira kwa zitsulo popanda kudandaula. Nonse mwabwera kudzatigwira dzanja, Mulungu akubwezereni.

Achimwene, moyo wanu wonse munkati madzi amapeza mphamvu akachokera pamwamba. Lero mwakwera kuposa nsanja iliyonse imene ine ndingamange, ndipo mitambo ija munkaiwerenga ili pansi pa mapazi anu. Ambulera yatsala ndi mwini wake. Ikadzagwa mvula yofunda, tidzadziwa amene watsegula mpope. Usani mumtendere, a Mitambo.